Makina olandira zikwama pa eyapoti alibe chisoni koma sanama

Makina awa oti uziika wekha chikwama pa lamba anandikwiyitsa zedi pochoka ku Joni kubwerera kwathu ku Luchenza. Tikiti yodula ija mukuidziwa kale, ndiye katundu amangolola 23 kg basi. Ndaika chikwama, makina ayeza awonetsa 24 ndi kenakake, nkuyaka zofiira, lamba osayenda. Kale pa kauntala umatha kudandaula kuti achemwali kilo imodzi yokhayi ndikhululukireni munthu nkukumvera chisoni, nanga makina ungawachonderere bwanji? Mtsikana wa kampani ya ndege amene anamuika pamenepo kuti azithandiza anthu amangondilozera ndi chala uku maso ali pa foni, ngakhale kundiuza kuti mayi pitani apo mukalipire ayi ndithu, ndinachita kugwada pansi kutsegula chikwama pagulu, zovala zamkati ndi nsapato za ana zonse poyera anthu akundilambalala, majekete awiri kuvala pathupi thukuta lili kamukamu. Ameneyo sindidzamuiwala.

Kufika pa Chileka lamba wazungulira mpaka waima, chikwama changa kulibe. Mtima unangoti basi aba, ndinayamba kulalata pompo.

Koma apa ndinene zoona. Bambo ena a ku ofesi ya katundu wosowa anangondifunsa kapepala kaja makina anatulutsa, kamene kali ndi barcode ndi manambala 10 ofanana ndi a pa sitika yolembedwa BLZ (kutanthauza eyapoti ya Chileka) imene ndinamata pa chogwirira. Atalemba pa kompyuta anandiuza pomwe chinasikanidwa komaliza, kuti chili ku Joni konko sichinakwere ndege. Akuti kawirikawiri zimatero chikwama chikakhala ndi zingwe zolendewera zimene zimakola pa lamba, kapena masitika a maulendo akale osachotsa, makina amasokonezeka nkuchipatutsa kuti munthu achione ndiye ndege siyidikira. Changa zingwe zilipo, onse timamanga choncho kuopa zipi kuphulika.

Chinabwera ndi ndege yotsatira, loko ali chikhalire, osasowa olo sokosi. Kapepala kaja musamataye abale, ena amangokasiya pampando.

Koma ya minibasi kuchoka ku Luchenza kudzera ku Limbe mpaka pa Chileka kukatenga chikwama inatuluka mthumba mwanga, kampani ija ndalemba ma meseji mpaka lero zii. Makinawo ndawapatsa nyenyezi zitatu, mtsikana uja olo imodzi.