Sikelo ya m'thumba ya 200 g ndi galasi la 10x: zikuthandiza bwanji pofufuza makobidi odindidwa pamwamba pa akunja

Zida ziwirizi zimapezeka m'mashopu ogulitsa zamagetsi, kuphatikizapo pa boma pano pa Mchinji: kasikelo ka mabatire awiri a AAA koyeza mpaka 200 g mosalumpha 0.01 g, ndi kagalasi kopinda kokulitsa kakhumi. Wofuna makobidi olakwika podinda agule zonse ziwiri. Koma sikeloyo payokha ingakunamizeni, makamaka kuno kumalire.

Vuto lake ndi ili. Makobidi athu a 1971 anatengera miyeso ya ndalama za ku Britain. Khobidi la 10 tambala, la chimanga lija, limalemera 5.65 g, ndipo m'mimba mwake ndi 23.6 mm. La 10 ngwee la ku Zambia, la nkhope ya Kaunda, n'chimodzimodzi. Shileni yakale ndi 5p wakale wa ku Britain nazonso zomwezo. Pa 20 tambala wa njovu, 20 ngwee ndi 10p wakale mupeza 11.3 g ponseponse. Onsewa anadindidwa ku Royal Mint, fakitale yodinda ndalama ya ku Britain, n'chifukwa chake kusokonekera kunali kotheka. Tsono chidindo cha 10 tambala chitagwera pa 10 ngwee, sikelo ingonena 5.65 ngati palibe chachilendo. Pamene imagwira ntchito ndi pomwe khobidi lapansi linali la muyeso wina, mwachitsanzo kotala (khobidi la masenti 25) wa ku America wa 1970 wodindidwa ku San Francisco pamwamba pa kotala wa ku Canada wa 1941: wa ku America ndi 5.67 g, wa ku Canada, wasiliva, ndi 5.83 g. Kusiyana kwa 0.16 g sikelo ya golosale singakuone, iyi imakuona.

Musanaikhulupirire muikonze kaye. Ikani patebulo losagwedera, yatsani, idikireni ngati mphindi imodzi. Dinani MODE osachotsa chala mpaka palembedwe CAL, ikani mwala woyezera pakati penipeni, dikirani PASS. Cholakwika chachikulu n'choti zambiri zimabwera zopanda mwalawo. Funsani wogulitsa musanapereke ndalama, ndipo onani kuti ikufuna wa 100 g kapena wa 200 g, poti mukaika wolakwika miyeso yonse ipotoka. Onetsetsaninso kuti pali g (magalamu) osati ct (makarati, muyeso wa miyala yamtengo wapatali). Ikakhala pa ct, 10 tambala ionetsa 28.25, munthu n'kuyamba kulota zolemera.

Imachita manyazi ndi mphepo. Zenera lotsegula, ngakhale mpweya wa m'mphuno mwanu, zimavinitsa nambala yomaliza. Batire likafooka nambala imasintha pang'onopang'ono khobidi lili chikhalire. Yezani katatu, mukuchotsa ndi kubwezera. Maginito akhale kutali, ngakhale mudzawafuna padera: makobidi a 1971 a 5, 10 ndi 20 tambala sakokedwa, pomwe ena apambuyo pake, achitsulo chokutidwa, amakakamira. Khobidi lomwe layenda zaka zambiri m'manja mwa anthu limapepukako pang'ono, musadabwe nazo.

Galasi ndiye mwini nkhani. Liyandikizeni kudiso, khobidi mulibweretse pafupi masentimita awiri kapena atatu, tochi iwalire cham'mbali osati pamwamba. Fufuzani malo osalala, kumbuyo kwa mutu wa Kamuzu ndi pafupi ndi mkombero. Pa khobidi lodindidwadi kawiri, zilembo zapansi zimaoneka zophwatalala ngati mthunzi, koma zimawerengeka molunjika: ZAMBIA akhala ZAMBIA. Pa kotala wa 1970 uja, chaka cha 1941 chimaoneka mozimiririka kumbuyo, pamwamba pa mawu oti DOLLAR.

Apa mpamene anthu amaberedwa. Munthu atenga 10 ngwee ndi 10 tambala, aziphatikiza, azifinya pa vaisi ya kugalaja kapena kuzimenya ndi hamala. Chotuluka chimakopa maso, koma galasi limachiyalutsa msangamsanga: zilembo zimakhala zolowa mkati, zotembenuka ngati pa kalilole, ndipo zimadula chithunzi chapamwamba m'malo mobisala pansi pake. Mkombero umaphwanyika mbali imodzi, khobidi n'kupindika pang'ono, moti mukaliika patebulo limagwedera. Ameneyo ndi khobidi lowonongedwa basi, mtengo wake ulibe. Amalonda a cha ku Mwami amakhala ndi makobidi a mayiko onse awiri m'thumba limodzi, choncho zopangira zachinyengozi sizisowa.

Galasi lotchipa lili ndi chilema chake. Lili ndi diso limodzi, ndiye pakati pamaoneka bwino koma m'mbali zilembo zimapindika, nthawi zina n'kuoneka ngati ziwiri. Ongoyamba kumene amayesa apeza khobidi lodindidwa kawiri pomwe ndi galasi likunama. Sunthani khobidi kuti chomwe mukuyang'ana chikhale pakati nthawi zonse. Mukapeza lolembedwa triplet, lamagalasi atatu omatidwa pamodzi, tengani limenelo ngakhale likwere mtengo. Za 30x ndi 60x zisiyeni, zimaonetsa kachigawo kochepa kwambiri moti simungatsate chilembo chathunthu.

Khobidi likapambana mayeso onsewa, musalitsuke. Phulusa, mandimu kapena Brasso zimafafaniza timizere tomwe tikanakhala umboni wanu. Ligwireni m'mphepete, muliike mu kaenvelopu kapepala, mulembepo kulemera kwake. Wogula wakunja adzafunabe chitsimikizo cha NGC kapena PCGS, makampani a ku America oyeza ndi kutsimikizira makobidi, ndipo ndalama yotumizira kumeneko si yochepa, ndiye jambulani kaye zithunzi zowala bwino za mbali zonse ziwiri ndi mkombero womwe.