Kalasi imene mphunzitsi amakhala pansi n'kumvetsera

Anzanga amene tinkayenda limodzi m'midzi pa ntchito zachitukuko, mwakhala mukufunsa za sukulu kuno ku Mangalande. Ndili ku IDS (Institute of Development Studies, sukulu ya maphunziro a zachitukuko), pa yunivesite ya Sussex ku Falmer, kunja pang'ono kwa Brighton. IDS inakhazikitsidwa mu 1966, ndipo n'komwe Robert Chambers, uja wa PRA (njira yoti anthu a m'midzi aziunika okha mavuto awo ndi kukonza zochita), anagwira ntchito zaka zambiri.

Kuno mipando saindandalika m'mizere. Timakhala mozungulira, mapepala akuluakulu ali pakati, mphunzitsi n'kuponya funso, iye n'kukhala nafe. Ambiri m'kalasimu ndi anthu oti agwirapo kale ntchito m'maboma ndi m'mabungwe, ndiye zimene tinaona kumeneko n'zimene timaphunzirapo. Amatchula kawirikawiri Paulo Freire wa ku Brazil, amene anadzudzula maphunziro oika nzeru m'mutu mwa wophunzira ngati ndalama kubanki.

Chimene chandigwira mtima ndi powercube ya John Gaventa, njira yosanthulira amene ali ndi mphamvu pogamula zinthu. Imasiyanitsa mabwalo atatu: otsekedwa, kumene akuluakulu amagamula okha; amene anthu wamba amachita kuitanidwa; ndi amene anthu amadzitsegulira eni ake. Aliyense anauzidwa kujambula msonkhano umene akuudziwa bwino. Ine ndinajambula wa VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi: amfumu pampando, ife alangizi pambali pawo, amayi pamkeka chakumbuyo. Mayi wina wa ku Bangladesh anaika chala papepala langa n'kufunsa kuti, "Nanga mitu yokambirana analemba ndani?" Tonse tikudziwa, imachokera ku ofesi. Anthu amabwera, amaomba m'manja, timalemba mayina, lipoti n'kunena kuti atenga nawo mbali. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa amayi aja ndi amene amadziwa mjigo umene umauma Okutobala akafika.

Musaganize kuti zonse n'zosalala. Odziwa Chingerezi chothamanga amatha kulanda bwalo, ife oyamba taganiza tisanayankhule n'kutsala. Aphunzitsi abwino amaziona msanga. Amatigawa awiriawiri, kapena kupatsa aliyense nyemba zochepa kuti akayankhula aponye imodzi pakati. Zikatha, pakamwa atseke. Wina amene ankangoti zii anatifotokozera za mikangano ya malo kwawo mpaka tonse kusiya zolembera.

Kafukufuku wanga womalizira ndikufuna akhale wa makomiti a VDC ndi ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu). Ngati mukudziwa mudzi umene anthu anakana pulojekiti, kapena anaisintha kuti iyende momwe iwo akufunira, ndiuzeni pa WhatsApp, ndidzayambire kumeneko ndikabwera.