Simulator ya reactor yaing'ono: auto ikugwira bwino, koma sikuuza chifukwa

Ndatha masabata atatu ndikugwiritsa ntchito simulator (pulogalamu ya pakompyuta yoyeserera) ya ma reactor a nyukiliya ang'onoang'ono opangira magetsi aja amati ma SMR (small modular reactor), yomwe anatipatsa pa kosi ina ya pa intaneti, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona poti anthu akumafunsa ngati ili yothandizadi. Imalowa pa laputopu wamba, siyolemera, ndipo pa sikirini imodzi umaona core (mtima wa reactor momwe mumachokera kutentha), ma control rod (ndodo zomwe zikalowa mu core mphamvu imatsika), steam generator (chopangira nthunzi) ndi turbine (makina ozunguzidwa ndi nthunzi kuti magetsi apangike).

Chomwe chinandikoka ndi batani la auto. Umangolemba kuti magetsi atsike kuchoka pa 100% kufika pa 70%, basi, zina zonse zimachitika zokha, ma valve a turbine amatsekeka pang'ono, madzi a mkati amayamba kutentha poti nthunzi yotuluka yachepa, kenako ma rod amalowa mu core pang'onopang'ono mpaka zonse zitakhazikika. Nditayesa pa manual mpamene ndinazindikira kuti si ntchito yamasewera, makamaka pa nkhani ya xenon-135, mpweya womwe umapangika mu core. Ukatsitsa mphamvu, xenon amachulukana mu core kwa maola angapo, ndipo iyeyu amameza ma neutron, tinthu tomwe timaswa uranium kuti kutentha kutuluke, ndiye reactor imapitiriza kutsika iwe usakufuna, akayamba kutha imakweranso yokha. Auto imazitsata bwinobwino zimenezi, pomwe munthu umakhala ukukonza zinthu zoti zachitika kale.

Phunziro lomwe linandigwira mtima ndi loti uike ma rod pa manual, usawakhudze, ungochepetsa nthunzi yopita ku turbine. Reactor imatsika yokha! Madzi akatentha amafufuma, sachepetsanso liwiro la ma neutron ngati kale, pomwe ma neutron oyenda pang'onopang'ono ndi omwe amaswa uranium mosavuta, ndiye moto wa mu core umazilala popanda kompyuta kulamula kanthu. Nzeru yofanana nayo ndi yomwe NASA ndi a labotale ya Los Alamos anaonetsa ku Nevada, ku America, mu 2018 pa kareactor kaja ka KRUSTY, kungoti kumeneko chimafufuma ndi chitsulo cha uranium chenichenicho. Ine ndinali nditawerengapo kale koma kuona mzere wa pa girafu ukutsika wokha ndi zina ndithu.

Tsopano pomwe sindinakondwe napo. Muli gawo loika zovuta dala, ndiye ndinasankha kuti sensa ya kutentha yomwe auto imadalira iziwerenga motsika kuposa zenizeni. Auto inangokhulupirira, n'kuyamba kutulutsa ma rod, mphamvu n'kumakwera mpaka chitetezo chinazimitsa reactor. Kuzimitsako kunali kolondola, sindikutsutsa ayi, chitetezo chimakhala chapachokha ndipo chimamvera masensa angapo osati imodzi. Koma nthawi yonseyi pulogalamuyi sinandiuze kuti ikutulutsa ma rod chifukwa cha nambala iti. Ma alamu anangobwera ambirimbiri nthawi imodzi, ofiira ndi achikasu osakanikirana, osadziwa kuti woyamba ndi uti, ndipo poti ndinali nditazolowera kungoyang'ana auto ikugwira ntchito, zinanditengera nthawi kuti mutu ubwerere pa zomwe zikuchitika.

Izizi si zazing'ono. Pa siteshoni ya magetsi a nyukiliya ya Three Mile Island ku America mu 1979 valve inakanirira yotseguka, madzi oziziritsa core n'kumatuluka, koma nyali ya mu control room inkaonetsa kuti lamulo lotseka latumizidwa, osati kuti valve yatsekekadi. Ogwira ntchito anakhulupirira nyaliyo, anachepetsa madzi a emejensi omwe makina anali atayatsa okha, core n'kusungunuka mbali ina. Nde taganizani ma SMR, komwe cholinga chenicheni ndi choti anthu ochepa aziyang'anira ma reactor angapo. Kampani ya NuScale ya ku America, yomwe pulani yake inavomerezedwa ndi NRC (bungwe la boma loyang'anira za nyukiliya) mu 2023, inakonza zoti control room imodzi iziyendetsa ma module (ma reactor ang'onoang'ono) okwana 12. Ku Shidao Bay ku China ma reactor awiri a mtundu wa HTR-PM akuyendetsa kale turbine imodzi, ndipo anayamba ntchito yamalonda mu 2023. Munthu woyang'ana ma module angapo chonchi alibe nthawi yofufuza kuti kompyuta ikuganiza chani, iyenera kumuuza yokha, mwachidule, pomwepo.

Simulator iyi ili ndi module imodzi yokha, ndiye chipwirikiti chimenecho simungachione, ndipo kwa ine ichi ndiye chosowa chachikulu. Bukhu lake lamalangizo ndilabwino pa physics, pa za auto masamba ake ndi ochepa kwambiri.

Kwa wophunzira engineering kapena aliyense wofuna kumvetsa mmene reactor imayankhira ikasinthidwa mphamvu, itengeni, ndiyothandiza zedi, ndikuipatsa 4 pa 5. Koma sabata yoyamba yonse khalani pa manual, auto muiyatse mutadziwa kale kuti rod ikasuntha nambala iti imasintha. Ine panopa ndikubwereza phunziro la sensa lija, ndikufuna ndiziligwira vutolo reactor isanazime.