Regyuleta yanga yoyamba patatha miyezi 14

Nditalandira chiphaso changa choyamba cha kudayiva, chija chimakulola kutsika mpaka mamita 18, ndinaganiza zogula regyuleta yangayanga, chida chopumira pansi pa madzi, ndisanagule china chilichonse. Chifukwa chake chinali cha m'kamwa. Zobwereka zimagwira ntchito ndithu, koma kachingwe kolumako, kaja kolowa m'kamwa, kamakhala katatafunidwa kale ndi anthu osawerengeka, ndipo ine mtima umandinyansa msanga. Tsopano papita miyezi 14, ndalowa nayo m'madzi maulendo 63, ambiri ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, ndipo ndikhoza kuyankhula za iyo mopanda chimwemwe cha chinthu chatsopano.

Kwa amene sanaigwirepo: silinda yodzaza imakhala ndi mpweya wothinikizidwa kufika pa 200 bar, woti utalunjika m'mapapo ungakuphulitse. Mbali yomangirira pa silinda, first stage, imautsitsa kufika pa 9 kapena 10 bar pamwamba pa mphamvu ya madzi okuzungulira. Ya m'kamwa, second stage, imangotsegula ukamakoka mpweya n'kutsekanso ukasiya. Yanga ndi ya pisitoni, mtundu wosavuta kwambiri umene amati unbalanced, ndipo imamangidwa pa silinda ndi yoke, chomangira chimene umachiveka pa valavu n'kuchimanga ndi sikuluwu.

Ndinaigula ku Johannesburg. Wogulitsa anayesetsa kundikokera ku ina ya mtengo wowirikiza, yotsekedwa bwino kuti isaundane m'madzi ozizira kuposa madigiri 10. Ndinamufunsa kuti madzi oterowo ndikawapeza kuti. Nyanja ya Malawi, ngakhale nthawi ya mwera mu Juni ndi Julaye, imakhala pamwamba pa madigiri 20, ndipo mchere mulibe. Pamenepo sindinalakwitse, ndalama yotsalayo ndinagulira kompyuta ya pamkono yoonetsa kuya ndi nthawi m'madzi.

Pakati pa mamita 8 ndi 18, pomwe ambirife timathera nthawi yathu tikuyang'ana mbuna zikudya ndere pamiyala ya ku Otter Point kapena kuzungulira chilumba cha Thumbi, regyuletayi umaiiwala kuti ili m'kamwa. Ukangoganiza zopuma, mpweya wafika kale. Khalidwe lake lenileni ndinalidziwa nditapita maphunziro achiwiri n'kuyamba kutsika pafupi ndi mamita 30. Silinda ikadali yodzaza palibe vuto. Koma geji ikatsika kufika cha m'ma 60 bar, mpweya umayamba kulemera, ngati ukuyamwa mahewu okandapala ndi kapaipi kakang'ono. Si kuwonongeka ayi, ndi mmene pisitoni yamtunduwu imagwirira ntchito: mphamvu ya m'silinda ikamachepa, nayo mphamvu imene imatumiza ku second stage imachepa. Anzanga ena amati ndi ubwino chifukwa imakuchenjeza kuti mpweya ukutha. Ine ndimati amene akudikira kuchenjezedwa ndi nsagwada zake pomwe geji ili pachifuwa, asiye kudayiva akalime. Kulemerako kumandisowetsa mtendere pang'ono, koma sikunandiopsezepo.

Yoke yandithandiza chifukwa silinda zobwereka zomwe ndakumana nazo zimailandira popanda kusaka chida china. Choipa chake n'choti kalabala kotsekera mpweya, O-ring, kamakhala pa silinda osati pa regyuleta, ndiye umadalira chisamaliro cha eni silinda. Tsiku lina tili m'boti, ndangotsegula valavu, kanaphulika ndi phokoso loti woyendetsa boti anatsala pang'ono kudumphira m'madzi. Chiyambire tsikulo ndimayenda ndi tilabala tanga m'kabotolo ka mankhwala.

Vuto lenileni linabwera m'mwezi wachisanu ndi chinayi. Ndinaona timathovu tikutuluka pa second stage ndisanapume n'komwe, ndipo kuika khutu pafupi unkamva kuti sii, ngati tayala la njinga lobooka ndi munga. Mmisiri atalumikiza geji yake pa paipi, singano inaima pa 10, kenako n'kuyamba kukwawa pang'onopang'ono kupitirira 12. Mkati mwa first stage munali mutasiya kutseka bwino. Atatsegula anapeza zizindikiro za madzi ndi timchenga, ndipo mlandu unali wanga: kangapo konse ndinaitsuka m'ndowa kachivindikiro kake kotseka polowera mpweya ndisanakamange bwino, mwina n'kukavindikira kali konyowa. Munthu ukatuluka m'madzi njala ikukupweteka, fungo la kampango wowotcha likukuitana kugombe, zinthu zazing'onozi umazichita mothamanga.

Kukonza kwake mmisiri anati ndi kwa ola limodzi. Zipangizo zosinthira ndiye panalibe. Fakitale iliyonse ili ndi paketi yakeyake ya tilabala ndi tizitsulo, ndipo mtundu umene ndinagulawo palibe ankausunga pafupi. Ndinadikira masabata asanu ndi limodzi kuti mlamu wanga abwere nayo paketiyo pa basi kuchokera ku Joni, ndipo masabata amenewo anagwera mu Okutobala ndi Novembala, nyanja ili phee, madzi ali mbee. Ndinabwerera ku zobwereka zomwe ndinkazinyoza zija. M'sitolo muja ndinafunsa za kulemera kwake, za mtundu wa mapaipi, za chitsimikizo cha fakitale, koma funso loti kodi kwathu angaikonze ndani sindinalifunse. Aliyense wondifunsa lero ndimamuuza kuti ayambe wapita kwa mmisiri amene ali naye pafupi, akaone mtundu umene ali ndi zipangizo zake ndi maphunziro ake, kenako akagule umenewo, ngakhale utakhala wosakongola.

Zina n'zazing'ono. Kachingwe kolumako ndinakabowola ndi mano pa mwezi wachisanu. Chatsopano n'chotchipa ndipo kusintha kwake ndi mphindi ziwiri. Paipi yake ndi youma, imakoka kukamwa ukatembenuzira mutu kumanzere, moti pakatha mphindi 50 nsagwada zimadandaula. Octopus, regyuleta yachikasu yothandizira mnzako, imakonda kutulutsa mpweya mosalekeza ukalowa m'madzi itayang'ana kumwamba. Ukaitembenuza imasiya yokha.

Ndipo nthawi yamvula musaisiye m'chikwama chotseka. Yanga inagona miyezi iwiri m'kabati, ndipo nditaitulutsa inkanunkha nkhungu. Mwamwayi ndinadina batani lotulutsira mpweya ndisanaiike m'kamwa. Munatuluka mphemvu, yamoyo, n'kuthamangira pansi pa mpando wa boti, anthu onse akufa n'kuseka. Masiku ano ndimaipachika pamthunzi mpaka iume, kenako ndimaiika m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino.

Ulendo umodzi wokha ndinapita nayo kumadzi amchere, ku Tofo m'dziko la Mozambique, ndipo inachita bwino, kungoti kumeneko imafunika kuviikidwa m'madzi abwino madzulo alionse, osati kungoithira madzi pamwamba monga tinazolowerera kuno.

Ikanatayika mawa, ndikanagulanso ya pisitoni yosavuta ngati yomweyi, pokhapokha nditayamba kutsika mamita 30 kawirikawiri, pomwe ndingafune ya balanced, imene siilemera mpweya ukamachepa m'silinda. Pakali pano mlamu uja ndinamutuma mapaketi awiri osati imodzi, ndipo yotsalayo ili m'dilowa pamodzi ndi pasipoti.