Chitsulo chosulirapo chakale chomwe ndinagula pa boma la Ntcheu

Kwa zaka 11 ndakhala ndikusulira pa chidutswa cha njanji chomwe anandisiyira malume anga. Nkhwangwa, makasu ndi zikwanje zomwe ndimagulitsa pa msika wa Lizulu zonse zinkachokera pamenepo. Njanji sindingainyoze, yandilerera ana. Koma ndi yopapatiza, ndi yopepukanso. Posula sipuling'i ya lole njanjiyo imachita kudumpha pansi pa nyundo, ndipo pofika madzulo phewa limawawa ngati wasenza matumba a kachewere tsiku lonse.

Mu June mnzanga wowotcherera anandiuza kuti pa boma pali bambo ena ogulitsa zitsulo zakutha omwe ali ndi zosulirapo ziwiri zenizeni, zanyanga zija amati anvil. Ndinapita nditatenga nyundo yaing'ono, rula ndi kampira ka mu beringi.

Choyamba chinali chopakidwa penti yakuda, chonyezimira. "Tengani ichi achimwene, sichinagwirepo ntchito," anatero bambowo. Nditachimenya chinangoti phu, ngati ndamenya thumba la mchenga. Ndinagwetsa kampira kaja kuchokera pa masentimita 25, kanabwerera osafika n'komwe pa 10. Chimenechi ndi chitsulo chongothira m'chikombole, mtundu wa mapoto a miyendo itatu aja. Chimameza mphamvu ya nyundo, ndipo m'mphepete mwake simuchedwa kubenthuka.

Chachiwiri chinali kuseri, chadzimbiri, nkhuku zikugonapo. Nditachimenya chinati ngwee, mpaka mayi wogulitsa mandasi kutsidya kwa msewu anacheuka. Kampira kanabwerera pafupifupi pa 20. Sindinathamangire kutulutsa ndalama. Zosulirapo zakale ngati ichi thupi lake ndi la chitsulo chofewa, ndiye pamwamba anamatapo chitsulo cholimba posula. Ngati chapamwambacho chayamba kumatuka, malo amenewo amalira ngati mphika wong'aluka. Choncho ndinagogoda pang'onopang'ono kuyambira kunyanga mpaka kumchira, khutu lili pafupi. Paliponse mawu anali amodzi.

Nditapala dzimbiri m'mbali munaoneka dzina la Peter Wright, kampani yakale ya ku Dudley ku England, ndi manambala atatu otalikirana: 1, 0 ndi 20. Bambo aja ankati ndi makilogalamu 120 ndipo mtengo anauika potengera pamenepo. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti Angerezi akale sankalemba choncho. Nambala yoyamba imachulukitsidwa ndi mapaundi 112, yachiwiri ndi mapaundi 28, yachitatu ndi mapaundi otsala. Zonse pamodzi mapaundi 132, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 60. Tinachikweza pa sikelo yawo yomwe, chinakwana 59. Mtengo unatsika mpaka kufanana ndi wa mbuzi zinayi zazikulu, ndipo kwa ine imeneyi si ndalama yochepa. Ndinachikweza pa galimoto yomwe inkapita kukatenga kabichi ku Lizulu.

Zofooka zake ndizinene. M'mphepete mwa mbali imodzi munabenthuka malo aakulu ngati zala zitatu. Pakati panalowa pang'ono: ukagoneka rula pamatsala mpata wa mamilimita awiri. Mnzanga uja anadzipereka kuti apasalaze ndi galainda, ine ndinakana. Chitsulo cholimba chapamwambacho n'chopyapyala, ukachidya sichibwereranso. Ndinangotsuka ndi burashi ya waya n'kupaka oyilo. Kadzenjeko ndapeza kuti kamandithandiza powongola zikwanje zopindika.

Kuchikhazika ndiye kunanditengera masiku atatu. Ndinadula chipika cha bulugamu, kunsi ndinapaka oyilo wakutha kuopa chiswe, n'kuchikwirira pansi chakuya ngati mkono umodzi. Poyamba ndinachikweza kwambiri, nyundo inkagwera chakumbali n'kumasiya zipsera pa khasu. Ndinazula n'kudulako. Muyeso wake ndi uwu: imani chilili, manja ali lende, fumbatani chibakera. Pomwe pafika mfundo za zala ndi pomwe pamwamba pa chosulirapo payenera kulekeza. Miyendo yake ndinaipanikiza ndi zitsulo zinayi zokhota zomwe ndinakhomera m'chipikamo, chifukwa chikamagwedera theka la mphamvu yako limapita pachabe.

Kulira kuja komwe kunandisangalatsa pogula kunasanduka vuto pakhomo. Mayi a kunyumba anadandaula, inenso makutu ankalira usiku. Ndinakulunga tcheni chakale cha ngolo m'chiuno mwake, pansi ndinayala chidutswa cha tayala, phokoso linachepa ndithu ngakhale silinatheretu. M'mawa wozizira wa kuno ndimayamba ndagonekapo chitsulo chamoto kuti pafunde, apo ayi chimayamwa kutentha kwa chomwe ndikusula.

Patha miyezi isanu. Nkhwangwa yomwe ndinkaibweza pa makala kasanu ndi kawiri tsopano imatha kanayi kapena kasanu, choncho thumba la makala likukhalitsa. Panyanga ndimapindirapo zikwakwa ndi mphete za magoli a ng'ombe, zomwe kale ndinkavutika nazo pa paipi. Bowo lambali zinayi lakumchira ndasulira chodulira chake kuchokera ku ekiselo ya galimoto, moti podula chitsulo chamoto sindiitananso mwana kudzandigwirira tchizulo. Ndikanati ndigulenso, ndikanagula chomwechi. Njanji ya malume ndaikhazika pambali pa mvukuto, mwana wanga wamkulu wayamba kuphunzirirapo kusula mipeni.