Rauta ya 4G yolowetsa SIM: netiweki ili bwino, koma ma setting anandidyera Loweruka lathunthu

Rautayi ndakhala nayo miyezi isanu tsopano. Ndi ija yoyera, ya tinyanga tiwiri, yolowetsa SIM kadi kumbuyo. Ndinaigula pa shopu ina ya mafoni ku Limbe nditatopa ndi hotspot. Mayi a kunyumba amagulitsa zitenje pa WhatsApp, ana awiri ali ku sekondale, ine ndimatumiza malipoti usiku, ndipo tonsefe tinkadalira foni yanga imodzi yomwe pofika 9 koloko inkatentha ngati mbaula. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Ndayesamo SIM ya TNM komanso ya Airtel, zonse imalandira. Nditaiika pawindo la pabalaza, netiweki inakwera kuposa ya pafoni. Ili ndi WiFi ziwiri, ya 2.4GHz ndi ya 5GHz. Ya 5GHz imathamanga koma khoma la njerwa zootcha limaifooketsa, moti kuchipinda timagwiritsa ntchito inayo. Ilibe batire, magetsi akazima nayonso yagona.

Nkhani inayamba mwezi wachiwiri, bandulo ya mwezi wathunthu itatha pa masiku 9. Ndinayamba ndakalipira ana, iwo n'kukana kwamtuwagalu. Madzulo ena ndikuchokera kokagula buledi ndinapeza anyamata anayi atatsamira mpanda wathu kunja, aliyense maso pafoni, osayankhulana. Ndinawapatsa moni, anayankha mwaulemu kwambiri, ulemu wake wokayikitsa. Basi ndinadziwa kuti pasiwedi yatuluka.

Loweruka m'mawa ndinati ndiisinthe, poganiza kuti ndi ntchito ya mphindi zisanu. Kapepala ka m'bokosi, kachingerezi ka zilembo ngati nyerere, kankati ndilembe 192.168.0.1 mu Chrome kuti ndilowe mu ma setting a rauta. Ndinalemba. Foni inangozungulira, kenako n'kundiuza kuti tsambalo silikupezeka. Ndinazimitsa rauta, kuyatsanso, kupukuta SIM ndi malaya, koma ayi ndithu.

Cholakwika choyamba chinali cha foni yanga. Popeza bandulo ya mu rauta inali itatha, foniyo inaona kuti WiFi ilibe intaneti ndipo inabwerera mwakachetechete ku data ya SIM yake, chizindikiro cha WiFi chikuonekabe pamwamba. Manambala oyamba ndi 192.168 si a pa intaneti ayi, ndi a m'nyumba mwanu momwemo, pakati pa rauta ndi zipangizo zolumikizidwa nayo. Mukawafunafuna kudzera pa data simungawapeze. Komanso kulowa mu ma setting sikufuna bandulo ngakhale pang'ono, zomwe ine sindinkadziwa, moti ndinatsala pang'ono kugula ina kuti tsamba litseguke. Zimitsani data ya pafoni, ndipo ngati muli ndi VPN izimitseninso. Zimenezi kapepala kaja sikananene paliponse.

Nditazimitsa data, tsamba silinatsegukebe. Apa ndiye panandipweteka mtima, chifukwa nambala ya pa kapepalayo sinali ya rautayi. Zikuoneka kuti kapepala kamodzi amakaika m'mabokosi a mitundu ingapo. Nambala yeniyeni ndinaipeza pafoni pomwepo: ndinalowa pa WiFi, kudina dzina la netiweki yathu, ndipo pamzere wolembedwa Gateway panali 192.168.8.1. Pa laputopu ya Windows mumatsegula cmd, kulemba ipconfig, n'kuyang'ana Default Gateway. Marauta ena amakhala pa 192.168.1.1, ndiye musamangotengera za mnzanu. Nambalayo ilembeni pamwamba penipeni pa Chrome, ndi madontho ake bwinobwino. Mukaphonya dontho limodzi kapena kuika chilembo O m'malo mwa ziro, mumangopezeka pa Google mukuwerenga za anthu ena ovutika ngati inu. Ikakuchenjezani kuti tsambalo ndi "Not secure" musadandaule, marauta ambiri a m'nyumba amatero.

Tsamba linatseguka nthawi ya nkhomaliro, nsima ikuzizira patebulo. Linkafuna dzina ndi pasiwedi. Ndinaika ya WiFi, linakana. Kachiwiri, linakananso. Kachitatu linanditsekera kunja kwa kanthawi. Pamenepo m'pamene ndinatembenuza rauta n'kuwerenga chomata cha pansi, ndipo ndinaona kuti mapasiwedi alipo awiri: ya WiFi, ndi ya admin yolowera mu ma setting. Chomatacho chinkati admin, admin. Ndinayesa, inakana ndithu.

Ndinaimbira mnyamata wa pashopu uja.

"Achimwene, pasiwedi ya admin ikukana. Munaisintha?"

"Eya bwana, timasintha tikamakukonzerani, kuti ana asamasewere nayo."

"Ndiye munaika chiyani?"

Anakhala chete, kenako: "Tayesani admin123. Ikakana, bwerani nayo Lolemba."

Inakana. Apa m'pamene pathawira nyenyezi imodzi yathunthu. Kusintha pasiwediyo si kulakwa, kuisiya pa admin ndiye koopsa, chifukwa aliyense amene ali pa WiFi yanu angathe kulowa n'kusintha chilichonse. Koma kusintha loko wa nyumba ya munthu, kiyi osamupatsa, iwenso n'kuiwala pomwe waika, chimenecho n'chiyani? Pa lisiti panali malo okwanira kulembapo.

Minibasi ya ku Limbe sindinakwere. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset. Ndinatenga kaphini kotulutsira SIM, rauta ili choyaka, n'kukanikiza mpaka nditawerenga pang'onopang'ono kufika pa 10, timagetsi take tonse n'kuthima. Itadzuka inali ngati yangotuluka m'bokosi. Dzina la WiFi ndi pasiwedi zinabwerera ku zapachomata, admin inalola, ndipo inandikakamiza kuika pasiwedi yatsopano nthawi yomweyo. Koma dziwani kuti Reset imafafaniza zonse. Kwa ine inachotsanso APN (Access Point Name, ma setting olumikizira SIM ku intaneti), moti nditagula bandulo intaneti sinabwere. Ndinachita kuika SIM ija mufoni, kukopera zomwe zinali pa Access Point Names, n'kukazilemba mu rauta. Mukafuna kuchita Reset, yambani mwalemba APN papepala.

M'kati mwa ma setting muli bwino ndithu, sindinama. Muli mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, mutha kuwerenga ma SMS obwera pa SIM, ndipo muli Guest WiFi ya alendo yomwe mumayatsa ndi kuzimitsa mukafuna. Muli ndi pothamangitsira foni imodziimodzi, koma musadalire zimenezo. Mafoni a masiku ano amatha kusintha nambala yawo ya MAC, yomwe rauta imawazindikira nayo, ndiye amene mwamutseka lero mawa atha kubwera ndi nkhope ina. Chothandiza ndi kusintha pasiwedi ya WiFi basi. Mukangosintha, foni yanu nayonso imatulutsidwa, ndipo muyenera kuiuza kuti iiwale netiwekiyo musanalowenso.

Za momwe pasiwedi inatulukira ndinazimva kwa mwana wanga wamng'ono. Iye sanauze munthu, ndipo sankanama. Anangoonetsa mnzake QR code ija imene foni ya Android imatulutsa pogawa WiFi, mnzakeyo n'kuonetsanso ena. Pano ana ali pa Guest WiFi, ndipo pasiwedi yake ndimaisintha mwezi ukatha.

Amene mukufuna kugula, gulani, koma musatuluke m'shopu wogulitsa asanalowe mu ma setting inu mukuona, ndipo akulembereni nambala ya Gateway ndi pasiwedi ya admin pa lisiti. Chomwe chikundinyansabe n'chakuti powerengera data pamayambiranso pa ziro magetsi akangozima, ndiye kuno ku Chirimba sindinaonepo chiwerengero cha mwezi wathunthu. Anyamata aja ndimakumana nawobe pamsewu, koma moni wake wafupika.