Ndemanga pa thandizo la maloya pa pempho la National Interest Waiver

Anzanga ofufuza za umoyo kuno ku Mzuzu akhala akundifunsa za kampani ya maloya ya ku America imene inandithandiza pa intaneti kukonza pempho la National Interest Waiver, lomwe ndi njira yopemphera chilolezo chokhazikika ku America (green card) m'gulu la EB-2 la anthu ophunzira kwambiri kapena aluso lapadera. Ubwino wa njirayi ndi wakuti munthu amadzipemphera yekha ku USCIS, bungwe la boma la America loona za anthu olowa m'dzikolo, pa fomu I-140, popanda kudikira kuti wina amulembe ntchito kumeneko.

Chimene ndinayamikira n'chakuti loyayo sanangoyang'ana madigiri anga. Anayeza kafukufuku wanga wa malungo pa mfundo zitatu za chigamulo cha Matter of Dhanasar cha 2016: ngati ntchitoyo ili yaphindu ku dziko lonse la America, ngati ndili woyenera kuipititsa patsogolo, ndiponso ngati dzikolo lingapindule pondichotsera lamulo lofuna wondilemba ntchito. Anandiuza mosapita m'mbali kuti kuthandiza odwala a m'mbali mwa nyanja pakokha n'kosakwanira, ndipo anandituma kusonkhanitsa umboni woti akatswiri ena amatchula zolemba zanga.

Mtengo wake ndi woboola m'thumba, makamaka pano pamene madola akusowa m'mabanki, ndipo misonkhano ya pa Zoom inkachitika madzulo kwambiri chifukwa cha kusiyana kwa nthawi.